Mmene mungamvere manambala a Chijapani munthu akamayankhula mothamanga

Funso ili ndafunsidwa kambirimbiri moti ndangoti ndilembe kamodzi basi, amene adzafunsenso ndizingomulozera pano. Ofunsawo ndi osiyanasiyana, ena akukonzekera kupita ku Japan pa sikolashipu ya MEXT (unduna wa zamaphunziro wa ku Japan) kapena maphunziro a JICA (bungwe la boma la Japan lothandiza pa chitukuko), ena akudikira mayeso a chiyankhulo cha Chijapani otchedwa JLPT, ena amangofuna kumva mitengo ya magalimoto, koma dandaulo ndi limodzi: papepala manambala ndimawadziwa bwinobwino, koma Mjapani akangotchula mtengo kapena nthawi mutu umangoti zii.

Manambalawo mukuwadziwadi, chimene chikukuchedwetsani ndi kumasulira. Ife ambiri olo tikuyankhula Chichewa manambala akuluakulu timawatchula m'Chingerezi, pamsika simungamve munthu akuti makumi asanu ndi awiri, ndiye nambala ya Chijapani ikalowa m'khutu imayamba yadutsa ku Chingerezi kenako n'kusanduka zilembo za nambala, pomwe mukumaliza ulendo umenewu mnzanu uja wapita kale ziganizo ziwiri patsogolo. Zonse zili pansipa cholinga chake n'choti nambala izichoka m'khutu kupita kudzanja, osadzera kwina. Tengani pepala ndi cholembera, muzifuna pa sitepe iliyonse.

1. Siyani kuwerenga motsatana

Ichi, ni, san, shi, go... imeneyo ndi nyimbo, ndipo kuimba nyimbo sikuphunzitsa khutu. Ngati mukamva roku mumayamba kuwerenga chamumtima kuchokera pa ichi kuti mufike pa 6, ndiye kuti simunaidziwe. Muzimvera manambala osokoneza, 8, 2, 9, 9, 4, n'kumalemba nambalayo nthawi yomweyo. Osalemba mawu ake, osalemba hachi, lembani 8. Pa Anki, pulogalamu ya makadi oloweza zinthu, pangani makadi oti kutsogolo kuli mawu okhaokha omveka, kumbuyo nambala. Ngati mulibe zimenezo, Google Translate imatha, ikani pa Chijapani, lembani manambala ambiri, tembenuzani foni, dinani kuti iwerenge.

Manambala atatu ali ndi mayina awiriawiri: 4 ndi yon kapena shi, 7 ndi nana kapena shichi, 9 ndi kyuu kapena ku. Pa ndalama ndi manambala wamba mumva yon, nana, kyuu pafupifupi nthawi zonse, enawo amatulukira pa nthawi ndi miyezi, tifikako. Komanso 0 amati zero kapena rei, ndipo pa nambala ya chipinda mungamve maru, monga chipinda 305 kuti san maru go.

Apa tcherani khutu pa ichi, shichi ndi hachi. Onse amathera pa chi, ndipo Ajapani akamathamanga amameza mavawelo ena, shichi imamveka ngati shchi, roku ngati rok. Kusiyana kuli koyambirira kwa mawu, nde ngati mwachedwa kutchera khutu mwaphonya. Ku Osaka ndi madera ozungulira mumvanso ena akuti hichi potanthauza 7, musadabwe.

2. Phunzirani mawu asanu amene amasintha

Mpaka 99 palibe chovuta, 47 ndi yon juu nana, 4, 10, 7, basi. 100 ndi hyaku, 1,000 ndi sen. Koma pali asanu amene samveka mmene mukuyembekezera, ndipo ndi amenewa amene amagwetsa anthu: 300 ndi sanbyaku, 600 ndi roppyaku, 800 ndi happyaku, 3,000 ndi sanzen, 8,000 ndi hassen. Awa aloweni m'mutu ngati mawu paokha, musamawagawe kuti roku kuphatikiza hyaku, ayi, roppyaku ndi 600 basi. Roppyaku ndi happyaku amasiyana pa ro ndi ha pokha, ayeserereni pamodzi mpaka mutatopa nawo. Chimodzimodzi san ndi sen, komanso juu ndi kyuu, juu en ndi kyuu en m'sitolo yaphokoso zimamveka ngati chinthu chimodzi.

Chachiwiri, ziro satchulidwa. Phiri la Fuji ndi lotalika mamita 3,776, sanzen nanahyaku nanajuu roku, malo onse adzaza ndiye siyovuta. Koma Sapitwa pa Mulanje, mamita 3,002, ndi sanzen ni, mawu awiri okha. Munthu wophuma amalemba 32 kapena 302 kapena 3,200. Nde mukamva sen dziwani kuti pali malo atatu otsala kumbuyo kwake, dikirani mumve kuti chotsatiracho chikhala pati. Sanzen gohyaku 3,500, sanzen gojuu 3,050, sanzen go 3,005. Muzimvera kwambiri mawu a malo, sen, hyaku, juu, chifukwa ndi amene akukuuzani poika nambala.

3. Man, pamene ambiri amagwera

Mabuku ambiri amangolemba kuti man ndi 10,000 n'kupitirira ngati nkhani yatha. Apa ndi pamene nkhani yayambira, ndiye tikhalapo pang'ono.

Ife tinazolowera kugawa manambala patatupatatu, sauzande, miliyoni, biliyoni, n'chifukwa chake timaika kakoma pambuyo pa manambala atatu aliwonse. Ajapani polemba amaikanso kakoma komweko, koma poyankhula amagawa panayipanayi. Alibe mawu a miliyoni. Ali ndi man, maziro 4, kenako oku, maziro 8, kenako chou, maziro 12. Ndiye 100,000 kwa iwo ndi ma man khumi, juu man. Miliyoni imodzi ndi ma man 100, hyaku man. Mamiliyoni khumi ndi ma man 1,000, issen man. Ndipo 10,000 yeniyeniyo samangoti man, amati ichi man, pomwe 100 ndi 1,000 zikakhala pazokha amangoti hyaku ndi sen opanda ichi.

Cholakwa chachikulu n'kuyesa kuchita masamu m'mutu, kumva nijuu go man n'kuyamba kuti 25 kuchulukitsa ndi 10,000 ndi zingati. Simungapambane, munthu sakudikirani. Chitani chonchi m'malo mwake. Papepala lembani chilichonse chimene mwamva man asanatchulidwe, ngati nambala wamba. Mukangomva man jambulani kamzere koimirira. Kumanja kwa kamzereko kuli malo anayi, osachepera osapitirira, ndipo malo amene sanatchulidwe mumaikamo ziro. Makoma athu aja muika pomaliza, munthu atasiya kuyankhula.

Tiyese. Juu ni man sanzen: mwamva juu ni, lembani 12, mwamva man, kamzere, mwamva sanzen, 3000. Papepala pali 12|3000, chotsani kamzere, 123,000. Ina, san man gohyaku: 3, kamzere, gohyaku ndi 500 koma malo ndi anayi nde 0500, zonse 3|0500, ndiye 30,500. Amene sanajambule kamzere amalemba 3,500 kapena 35,000, ndipo pa lendi ya nyumba kusiyana kumeneko si kwamasewera. Ina, hyaku gojuu man: 150|0000, ndiye 1,500,000.

Oku ndi chimodzimodzi, kungoti timizere tikhala tiwiri. Anthu a ku Japan ndi opitirira ichi oku nisen man, lembani 1|2000|0000, ndi 120 miliyoni. Anthu a mu Tokyo ndi pafupifupi sen yonhyaku man, 1400|0000, 14 miliyoni. Pa nkhani za bajeti ya boma ndi pamene mumva chou, koma ngati simukuphunzira zachuma musavutike nayo panopa.

Mukazolowera kamzere, bwerani pa gawo lachiwiri, limene ndi lofunika kuposa loyambalo: siyani kusintha. Wogulitsa mazira sawerenga kuti ndili ndi mazira 90, amati matireyi atatu, ndipo amadziwa mtengo wa tireyi popanda kuwerenga dzira limodzilimodzi. Man muziitenga choncho. Ndalama yapepala yaikulu kwambiri ku Japan ndi ya 10,000 yen, ichi man en, ndiye go man en ndi mapepala asanu amenewo, basi, palibe chifukwa choganizira maziro. Mukamva kuti lendi ndi roku man, onani mapepala 6 m'maganizo. Sungani m'mutu zipilala zitatu zokha, juu man 100,000, hyaku man miliyoni, issen man mamiliyoni khumi, zina zonse muziziyeza kuchokera pamenepo. Nihyaku man? Kawiri hyaku man, 2 miliyoni. Gojuu man? Theka la hyaku man.

Inu amene mumayang'ana magalimoto pa masamba a pa intaneti a Chijapani enieni, mwaonapo mtengo wolembedwa 85万円. Ka 万 ako ndi man, 円 ndi yen imene iwo amatchula kuti en. Ndiye ndi hachijuu go man en, 85|0000, 850,000 yen. Nthawi zina pamakhala kadontho, 85.5万, amawerenga hachijuu go ten go man, kutanthauza 855,000. Mtunda umene galimoto yayenda amalembanso chimodzimodzi, 7.2万km ndi makilomita 72,000. Masamba amenewa ndi malo abwino oyeserera olo mulibe ndalama yogulira, werengani mtengo mokweza musanausinthe.

Musachoke pa sitepe imeneyi msanga. Ngati juu man ndi hyaku man zikukusokonezanibe, zam'munsizi zingodikira.

4. Ndalama zapasitolo

Pa konbini, timasitolo tija totsegula usana ndi usiku ngati 7-Eleven, Lawson ndi FamilyMart, wogulitsa amathamanga koopsa koma mawu ake ndi omwewomwewo tsiku lililonse. Mtengo umabwera kutsogolo kwa en desu kapena en ni narimasu. Mukapereka ndalama atchula zimene walandira n'kuti oazukari shimasu, chenji amatchula n'kuti no okaeshi desu. Mukadziwa chimango chimenechi khutu limamasuka kudikira nambala yokha. Chizolowezi chabwino n'choti musayang'ane pa sikirini ya makina mpaka mutalingalira nokha zimene mwamva, kenako yang'anani muone ngati mwakhoza. Amene muli kunja kwa Japan, pa YouTube pali mavidiyo ambiri a anthu akugula zinthu, imitsani vidiyo mtengo ukangotchulidwa.

Tinthu tiwiri. Kutsogolo kwa en, 4 imakhala yo, yo en, juu yo en, osati yon. Ndipo kutsitsa mitengo amanena ndi wari, wari imodzi ndi 10 peresenti, ndiye san wari biki ndi kuchotsa 30 peresenti, osati 3. Hangaku ndi theka la mtengo, mawu okoma kwambiri m'supamaketi madzulo. Mukaona kuti mtengo umene mwamva wakwera pang'ono kuposa umene unali pa shelefu, mwina khutu lanu silinalakwe, ndi msonkho: kuyambira Okutobala 2019 ndi 10 peresenti, pa zakudya zambiri zopita nazo kunyumba ndi 8.

5. Nthawi ndi masiku

Apa ndi pamene mayina achiwiri aja amatulukira. 4 koloko ndi yoji, 7 koloko shichiji, 9 koloko kuji. Ichiji ndi shichiji, 1 koloko ndi 7 koloko, zaphonyetsa anthu ambiri mapangano, moti Ajapani eni ake pafoni nthawi zina amati nanaji kuti pasakhale chisokonezo. Mphindi zimasinthasintha pakati pa fun ndi pun: ippun 1, nifun 2, sanpun 3, yonpun 4, gofun 5, roppun 6, nanafun 7, happun 8, kyuufun 9, juppun 10. Han ndi theka la ola. Pa siteshoni ya sitima amagwiritsa ntchito maola 24, nde zolowerani juu yoji 14:00, juu shichiji 17:00, juu kuji 19:00, ndipo nambala imene ikubwera ndi bansen ndi ya pulatifomu, osati nthawi.

Miyezi ndi manambala chabe kuphatikiza gatsu, kungosamala shigatsu Epulo, shichigatsu Julaye, kugatsu Seputembala. Masiku a mwezi ndiye ena, kuyambira pa 1 mpaka 10 ali ndi mayina akale osafanana ndi ichi, ni, san: tsuitachi, futsuka, mikka, yokka, itsuka, muika, nanoka, youka, kokonoka, tooka. Onjezani juu yokka 14, hatsuka 20, nijuu yokka 24. Ena onse ndi nambala kuphatikiza nichi.

Awiri oopsa ndi yokka, pa 4, ndi youka, pa 8 (imamveka yooka). Kwa ife pali vuto lapadera, m'Chichewa timakonda kukoka silabo yachiwiri kuchokera kumapeto, ndiye pakamwa pathu yokka imasanduka yooka tisakudziwa, ndipo chimene pakamwa sipasiyanitsa khutunso limavutika nacho. Ombani m'manja katatu pa mawu aliwonse. Pa yokka, kuomba kwapakati kulibe mawu, mpweya umaima kaye, yo, zii, ka. Pa youka mawu amapitirira osadukiza, yo, o, ka. Mverani ngati pakati pali kachete kapena ayi. Yesereraninso mikka ndi muika, 3 ndi 6, komanso futsuka ndi hatsuka, 2 ndi 20.

6. Mawu owerengera zinthu

Musachite nawo mantha, ife timasinthanso, anthu awiri, nthochi ziwiri, mabuku awiri, timitengo tiwiri. Iwo amasintha kumapeto. Anthu ndi hitori, futari, kenako sannin, yonin. Zinthu zazitali ngati mabotolo ndi ippon, nihon, sanbon. Zopyapyala ngati matikiti ndi mai. Zinthu wamba ndi hitotsu, futatsu, mittsu, yottsu, itsutsu, ndipo mukayang'anitsitsa zikufanana ndi masiku a mwezi aja, mittsu ndi mikka, yottsu ndi yokka, nde kuphunzira gulu limodzi kumathandiza linalo. Chinsinsi cha khutu nachi: mawu oyamba ndi ip, ik, is ndi 1, oyamba ndi rop, rok ndi 6, oyamba ndi hap, hak, has ndi 8, oyamba ndi jup, juk, jus ndi 10. Mukagwira zimenezi, olo mawu owerengerawo musakuwadziwa nambala mwaimva. Zaka 20 za munthu ndi hatachi, ingolowezani.

7. Nambala za foni ndi zaka

Nambala ya foni amatchula imodziimodzi, ndipo pamene pali kamzere amati no. No ameneyo si nambala, musalembe kanthu. Za m'manja zambiri zimayamba ndi 090, 080 kapena 070 ndipo zili ndi manambala 11, nde mukapeza 10 mwataya imodzi. Mumvanso akukoka 2 kuti nii ndi 5 kuti goo, ndi omwewo. Polisi ndi 110, amati hyaku tooban, ambulansi ndi ozimitsa moto 119.

Zaka amatchula ngati nambala yathunthu, 2019 ndi nisen juu kyuu nen, 2024 ndi nisen nijuu yo nen. Koma m'maofesi a boma ndi pa mapepala a magalimoto amawerenganso zaka potsata ulamuliro wa mfumu. Reiwa inayamba pa 1 Meyi 2019, ndiye mukamva Reiwa onjezani 2018, Reiwa 7 ndi 2025. Heisei inayamba 1989, onjezani 1988, galimoto yolembedwa H20 ndi ya 2008, osati 2020. Showa onjezani 1925. Chaka choyamba cha ulamuliro amati gannen.

8. Kayeseredwe ka tsiku ndi tsiku

Mphindi zochepa tsiku lililonse zimaposa maola atatu Lamlungu lokha. Yambani ndi manambala okhaokha, mukamakhoza ambiri pitani pa manambala a m'ziganizo, chifukwa nambala ili yokha ndi yosavuta, ikabisala pakati pa mawu ena ndi pamene imathawa. Zanyengo za NHK, nyumba youlutsira mawu ya ku Japan, ndi zabwino kwambiri pa izi, madigiri, maperesenti a mvula, masiku, zonse m'mphindi ziwiri, ndipo NHK ilinso ndi nkhani za m'Chijapani chosavuta zokhala ndi mawu omvera komanso zolemba zoti muziona ngati mwakhoza. Mverani kamodzi pa liwiro lake lenileni n'kulemba zimene mwagwira, olo ndi theka la nambala, kenako bwerezani. Osayamba ndi kuchedwetsa vidiyo, khutu likazolowera pang'onopang'ono limakakana kumsewu. Zimene mwaphonya zilembeni pambali, muona kuti ndi zomwezomwezo, mwina happyaku, mwina youka, ndiye mawa muyambire pamenepo.

Muzitchulanso nokha. Nambala ya galimoto ili patsogolo panu, mtengo wa shuga, mayunitsi a magetsi otsala, tchulani m'Chijapani chamumtima, nambala imene pakamwa panu pamaitulutsa msanga khutunso limaigwira msanga.

A JLPT, kumbukirani kuti gawo lomvetsera amaseweretsa kamodzi kokha, ndipo nambala yoyamba kutchulidwa kawirikawiri si yankho. Wina anena nthawi, mnzake akana, asintha, yankho lili kumapeto. Lembani manambala onse amene mwamva n'kumafufuta osinthidwawo, ndipo tcherani khutu pa mae ndi sugi: kuji gofun mae ndi 8:55, kuji gofun sugi ndi 9:05.

9. Mukaphonya pamaso pa munthu

Osagwedeza mutu n'kumati hai hai musanamve, makamaka pa ndalama, tsiku la kuchipatala kapena nthawi ya ndege. Mou ichido onegaishimasu ndi kupempha abwereze, yukkuri onegaishimasu kuti ayankhule pang'onopang'ono, kaite kudasai kuti akulembereni. Koma yabwino kuposa zonsezi ndi kubwereza nokha zimene mwamva n'kumaliza ndi desu ne, monga san man gosen en desu ne. Ngati mwalakwitsa akukonzani pomwepo ndipo mwadziwa pamene khutu lanu linapunthwa. Pa masiku osokoneza aja funsani ndi nambala wamba, akati youka inu nenani kuti hachi nichi desu ne, si mmene amatchulira m'buku koma aliyense amva kuti mukutsimikiza za pa 8, ndipo ngati zikukanikabe tsegulani kalenda kapena kakyuleta pafoni muwapatse aloze okha.